Mlandu Suwola

Akuluakulu adati mlandu suwola. Ponena mawu amenewa iwo ankatanthauza kuti munthu akalakwira mnzake, ngakhale papite zaka zambiri, tsiku limafika loti nkhaniyo ikambidwe pabwalo. Mwambiwu ndi wosavuta kuumvetsa pamene wolakwa ndi wolakwiridwa onse ali moyo, pakuti mfumu imawaitana, mboni zimalankhula, ndipo wopezeka wolakwa amalipira. Nanga zimakhala bwanji ngati wopha ndi wophedwa onse adapita kale kumanda, ndipo otsala ndi zidzukulu zawo zokhazokha? Kodi mlandu wotere umagwera yani? Kodi n'kwanzeru kuufukulabe, kapena ndi bwino kuusiya kuti ukwiririke pamodzi ndi eni ake? Mafunso amenewa akhala akuzunguza mitundu iwiri ya anthu, Aturk ndi Aarmenia, kwa zaka zoposa 100 tsopano. Nkhani yawo ndi yoyenera kuilingalira modekha chifukwa imatiphunzitsa za udindo umene amoyo ali nawo pa akufa.

Tiyambe taona zimene zidachitika. Aarmenia ndi mtundu wakalekale umene udakhala zaka zikwi zingapo m'mapiri a kum'mawa kwa dziko limene lero tikulitcha Turkey, m'madera ozungulira nyanja ya Van ndi phiri la Ararat. Iwowa ndi Akhristu, ndipo ali ndi chiyankhulo ndi malembedwe awoawo. Kwa zaka mazana angapo ambiri mwa iwo ankalamulidwa ndi ufumu wa Ottoman, umene likulu lake lidali Constantinople, mzinda umene tsopano ndi Istanbul. Olamula ufumuwu adali Aturk, omwe ndi Asilamu. Mitundu iwiriyi inkakhala moyandikana, kugulitsana malonda ndi kumwa madzi a pachitsime chimodzi, ngakhale kuti kwa nthawi yaitali Mkhristu sankawerengedwa wofanana ndi Msilamu pamaso pa lamulo. Ufumuwo utayamba kufooka, chikayiko chidalowa pakati pawo. Pakati pa 1894 ndi 1896, mu ulamuliro wa Sultan Abdul Hamid II, Aarmenia zikwizikwi adaphedwa, ndipo mu 1909 enanso ambiri adaphedwa ku Adana. Mu 1912 ndi 1913 ufumuwo udaluza pafupifupi madera ake onse a ku Ulaya pa nkhondo za ku Balkan, ndipo Asilamu miyandamiyanda adathawa kwawo atataya abale ndi minda yawo. Atsogoleri atatu amene adagwira boma pambuyo pake, Talaat Pasha, Enver Pasha ndi Djemal Pasha, ankaopa kuti kum'mawa nakonso kutayika chimodzimodzi.

Chakumapeto kwa 1914 ufumu wa Ottoman udalowa Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse kumbali ya Germany. Mu Januwale 1915 asilikali a Enver Pasha adagonjetsedwa kotheratu ndi a Russia pa Sarikamish, ndipo chala chidalozedwa kwa Aarmenia kuti ndiwo ankathandiza adani. Anyamata Achiarmenia amene adali m'gulu la nkhondo adalandidwa mfuti n'kutumizidwa kukakonza misewu, kumene ambiri adaphedwa. Pa 24 Epulo 1915 boma lidamanga atsogoleri Achiarmenia oposa 200 mu Constantinople: alembi, aphunzitsi, madokotala, ansembe ndi aphungu. Ambiri mwa iwo sadabwererenso. Mwezi wotsatira lamulo lidatuluka lolola kusamutsa anthu. Mudzi ndi mudzi, amuna ankapatulidwa n'kukaphedwa kuseri kwa mapiri, pamene amayi, ana ndi nkhalamba ankayendetsedwa wapansi milungu yambiri kulowera ku chipululu cha Syria. M'njira ankafa ndi njala, ludzu ndi matenda, ena ankaphedwa ndi magulu a zigawenga zimene boma lidatulutsa m'ndende, ndipo atsikana ndi ana ambiri adatengedwa n'kulowetsedwa m'mabanja Achisilamu. Mwa amene adafika ku Deir ez-Zor, ochuluka adaphedwa mu 1916. Akatswiri ambiri a mbiri yakale amati akufa adali pakati pa 600,000 ndi 1.5 miliyoni. Nkhondo itatha, m'madera amene Aarmenia adakhalamo kuyambira makedzana mudatsala matchalitchi opanda opemphera.

Aarmenia amakumbukira zimenezi monga munthu amakumbukirira maliro a pakhomo pake. Iwo amazitcha Medz Yeghern, kutanthauza Choipa Chachikulu. Amene adapulumuka adabalalikira ku Lebanon, Syria, France, America ndi maiko ena, kotero kuti lero Aarmenia okhala kunja ndi ochuluka kuposa okhala m'dziko la Armenia lenilenilo. Pafupifupi banja lililonse lili ndi dzina la mudzi umene lidachokera ndiponso dzina la gogo amene sadafike. Pa 24 Epulo 1965, patatha zaka 50, chikhamu cha anthu chidadzaza misewu ya Yerevan, likulu la Armenia, kufuna kuti akufawo akumbukiridwe, ngakhale kuti boma la Soviet Union limene linkawalamula silinkalola zionetsero zotere. Mu 1967 chipilala cha chikumbutso chidamalizidwa pa phiri la Tsitsernakaberd. Pamenepo pali miyala ikuluikulu 12 yoweramira moto wosazima, ndipo chaka chilichonse pa tsiku limeneli anthu amakwera phirilo kukasiya maluwa. Ife amene timadziwa kufunika koika munthu m'manda, kumeta ndi kumanga chiliza tingathe kumvetsa ululu wawo. Akufa awo ambiri alibe manda. Mafupa awo adatsala m'mitsinje ndi mumchenga, ndipo palibe amene adabwera kudzakhuza. Maliro amene sadalongosoledwe satha msanga mumtima.

Aturk ambiri adaphunzitsidwa kukumbukira zaka zomwezo mwanjira ina. Boma la Turkey silikana kuti Aarmenia ambiri adafa. Chimene limakana ndi chakuti padali cholinga chopulula mtunduwo. Ilo limati chidachitika ndi msamuko wokakamizidwa ndi nkhondo, umene m'Chiturk amautcha tehcir. Limakumbutsa kuti Aarmenia ena adalowa m'magulu ankhondo a Russia, kuti ku Van Aarmenia adamenyana ndi asilikali a boma mu Epulo 1915, ndiponso kuti njala ndi matenda sizinkasankha chipembedzo. Limawonjeza kuti Asilamu ochuluka zedi adafanso m'zaka zimenezo, ena mwa iwo m'manja mwa magulu Achiarmenia obwezera, makamaka mu 1918. Mu 1999 mumzinda wa Iğdır, pafupi ndi malire a Armenia, mudatsegulidwa chipilala chokumbukira Aturk ophedwa ndi Aarmenia. Palinso mantha ena akale. Mu 1920 maiko opambana pa nkhondo adakonza pangano la Sèvres logawana dziko la Aturk, ndipo chigawo chachikulu cha kum'mawa chinkayenera kupita kwa Aarmenia. Mustafa Kemal Atatürk adatsogolera nkhondo yokana panganolo, ndipo mu 1923 dziko la Turkey lidabadwa. Kwa Mturk wamba, zaka zimenezo ndi za chipulumutso cha fuko lake, ndipo akamva mlendo akuzitchula kuti ndi za mlandu amaganiza kuti a Sèvres abweranso.

Apa ndi pamene funso loyamba likubuka. Popeza mbali zonse ziwiri zidalira maliro, kodi tinganene kuti zikumbukiro ziwirizi ndi zolemera mofanana, kotero kuti aliyense angosunga chake? Maganizo otere amamveka aulemu, koma amasakaniza zinthu ziwiri zosiyana. Misozi ya mayi Wachiturk ndi ya mayi Wachiarmenia ndi yofanana, ndipo palibe woyenera kuinyoza. Koma funso lakuti kodi boma lidakonza zopha nzika zake limayankhidwa ndi umboni. Umboniwo ulipo wambiri, ndipo wina udachokera kwa abwenzi a boma lomwelo. Akazembe a Germany ndi Austria-Hungary, maiko amene ankamenya nkhondo limodzi ndi ufumu wa Ottoman, adalembera maboma awo kuti cholinga chidali kutha mtundu wa Aarmenia. Henry Morgenthau, kazembe wa America, dziko limene pa nthawiyo lidali lisadalowe nkhondo, adalemba zofananazo. Mu 1919 ndi 1920 makhoti a asilikali a boma la Ottoman lenilenilo adazenga milandu mu Constantinople ndipo adagamula kuti Talaat, Enver ndi Djemal, amene adali atathawa kale, ayenera kuphedwa. Komanso tiyenera kufunsa: ngati cholinga chidali kuteteza malire a kum'mawa, n'chifukwa chiyani adasamutsanso Aarmenia a ku Ankara, Bursa ndi Izmit, kutali kwambiri ndi kumene kunkamenyedwa nkhondo? Nanga khanda la kubere lidapandukira boma liti? Ndi zoona kuti umanena chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga, ndipo mantha a atsogoleri a Ottoman adali ndi pochokera. Koma kufotokoza chimene chidachititsa munthu kupha sikumuyeretsa. Mantha a boma sapereka chilolezo chophera ana.

Mkangano waukulu uli pa dzina. Mawu oti genocide, amene amatanthauza kupulula mtundu wa anthu mwadala, kudalibe mu 1915. Adawapanga mu 1944 ndi Raphael Lemkin, loya Wachiyuda wa ku Poland, ndipo nkhani ya Aarmenia ndi imodzi mwa zimene zidamuyambitsa kulingalira za mlandu wotere. Mu Malichi 1921 Soghomon Tehlirian, mnyamata Wachiarmenia amene abale ake adaphedwa, adawombera Talaat Pasha mumsewu wa ku Berlin, ndipo khoti la ku Germany lidamumasula. Lemkin, amene pa nthawiyo adali wophunzira, adadabwa kuti dziko lapansi lili ndi lamulo lozengera munthu wopha mmodzi koma lilibe lamulo lozengera wopha mtundu wathunthu. Khama lake lidabala pangano la United Nations la mu 1948 loletsa ndi kulanga mlandu umenewu. Boma la Turkey limati lamulo la mu 1948 silingabwerere m'mbuyo kukaweruza za mu 1915. Pankhani ya khoti mfundoyi ili ndi mphamvu yake. Komabe dzina la chinthu ndi chilango chake ndi zosiyana. Matenda amene adapha anthu asing'anga asadawapatse dzina ndi matenda omwewo. N'chifukwa chake akatswiri ochuluka a mbiri yakale, kuphatikizapo Aturk ena monga Taner Akçam, amagwiritsa ntchito dzina limeneli. Kwa Aarmenia dzinali ndi lofunika chifukwa limasiyanitsa tsoka ndi mlandu. Munthu akafa ndi mphenzi timapepesana, koma akaphedwa ndi mnzake timafunanso kudziwa amene adamupha.

Funso lachiwiri ndi lovuta kuposa loyamba. Mturk wa lero angathe kunena kuti, "Ine sindidaphe munthu, ngakhale bambo anga adali asadabadwe. Mukufunanji kwa ine?" Iyeyu akunena zoona, ndipo tiyenera kuvomereza mosazengereza. Choipa chitsata mwini. Kulakwa sikuyenda m'magazi, ndipo maganizo akuti mtundu wonse ndi wolakwa chifukwa cha zochita za ena ndi omwewo amene adaphetsa Aarmenia. Amene anganene kuti Aturk onse ndi akupha wagwera m'mbuna yomweyo imene akudzudzula. Koma pali kusiyana pakati pa kulakwa ndi udindo. Munthu akalowa m'malo mwa malume ake amalandira munda, ziweto ndi dzina, ndipo amalandiranso ngongole zimene malemuwo adasiya. Iye sadakongole, komabe sangatenge ng'ombe n'kukana ngongole. Mafuko nawonso ndi chimodzimodzi. Fuko limene limanyadira kulimba mtima kwa makolo ake pa nkhondo ya Gallipoli mu 1915 silinganene kuti zimene zidachitika ku Deir ez-Zor m'nyengo yomweyo sizilikhudza. Ndiponso nyumba, minda ndi masitolo a Aarmenia osamutsidwa zidalandidwa pansi pa malamulo onena za katundu wosiyidwa, ndipo zambiri zidathera m'manja mwa boma ndi mwa anthu amene zidzukulu zawo zilipo lero.

Pali chinanso. Kupha kudachitidwa ndi akufa, koma kukana kumachitidwa ndi amoyo. Mehmed Kemal, bwanamkubwa wa Boğazlıyan, adanyongedwa mu Epulo 1919 khoti litamupeza wolakwa pa kuphedwa kwa Aarmenia, koma mu 1922 nyumba ya malamulo ya ku Ankara idamulengeza kuti ndi ngwazi yofera fuko. Mu 1943 mafupa a Talaat Pasha adabwezedwa kuchokera ku Germany n'kuikidwa mwaulemu waukulu mu Istanbul, ndipo misewu ndi masukulu zidatchedwa dzina lake. Zimenezi zidachitika nkhondo itatha kale. Mbadwo uliwonse umasankha wokha amene umuimikire chipilala ndiponso zimene ulembe m'mabuku a ana asukulu. Pa chisankho chimenechi mdzukulu sanganene kuti kudalibe, popeza ndi iye amene akusankha. Choncho udindo wa Mturk wa lero ndi wosavuta kuutchula ngakhale kuti ndi wolemera kuusenza: kufuna kudziwa zoona, kuzinena, ndi kuleka kulemekeza opha.

Ena amati zonsezi n'kutosa bala limene likadapola lokha. Madzi akatayika saoleka, iwo amatero, ndipo mitundu iwiriyi ikadapindula kwambiri ikadaiwala zakale n'kuyamba kuchita malonda. Mfundoyi siyoti tiikankhire kumbali. Dziko la Turkey lidatseka malire ake ndi Armenia mu 1993 chifukwa cha nkhondo ya ku Nagorno-Karabakh, ndipo anthu osauka a mbali zonse ziwiri ndiwo adavutika kwambiri ndi kutsekako. Mapangano amene nduna za maiko awiriwa zidasaina ku Zurich mu 2009 sadavomerezedwe ndi nyumba zawo za malamulo. Koma tifunse kuti woyenera kunena kuti "tiiwale" ndani. Kukhululuka ndi mphatso imene wolakwiridwa yekha angapereke, ndipo sangakhululuke chinthu chimene mnzake akuti sichidachitike. Wolakwa akamalamula kuti nkhani iiwalike, ndiye kuti akudzigamulira yekha mlandu wake. Bala lophimbidwa lisadatsukidwe limaoneka ngati lapola, koma mkati limatukusira. Zaka zoposa 100 za kukhala chete sizidathetse nkhaniyi. Zidangoipatsira kwa zidzukulu ili yowawa monga kale.

Tisaganize kuti kukumbukira kulibe ngozi zake. Chikumbukiro chingathe kusanduka chidani, ndipo chidani sichisankha wolakwa. Pakati pa 1973 ndi zaka za m'ma 1980 Aarmenia ena okhala kunja, makamaka a magulu a zigawenga monga ASALA, adapha akazembe ndi antchito ambiri a boma la Turkey m'maiko osiyanasiyana, ena pamodzi ndi abale awo. Mu Julaye 1983 bomba la ASALA lidapha anthu 8 pa bwalo la ndege la Orly ku Paris. Ophedwawa sadali ndi mbali iliyonse pa za mu 1915. Owapha ankati akufuna chilungamo, koma adachita chimene Talaat adachita: adalanga munthu chifukwa cha mtundu wake. Zotsatira zake, Aturk ambiri amene akadatha kumvetsera adaumitsa mitima, ndipo boma lawo lidapeza chifukwa chatsopano chokanira. Tikuphunzirapo kuti wolakwiridwa nayenso ali ndi udindo. Ali ndi ufulu wokana kuiwala, koma alibe ufulu wosandutsa mwana wa mdani wake kukhala nsembe. Mtundu umene umadzidziwa ndi bala lake lokha umakhalabe kapolo wa amene adauvulaza.

Nanga lamulo lingathandize kuti anthu akumbukire molondola? Maboma ayesapo mbali zonse ziwiri. Ku Turkey gawo 301 la malamulo a milandu lidaletsa kunyoza Uturk. Mu 2005 Orhan Pamuk, mlembi amene adalandira mphotho ya Nobel chaka chotsatira, adazengedwa mlandu atanena poyera kuti Aarmenia 1 miliyoni adaphedwa m'dzikomo. Mlanduwo udathetsedwa mu 2006. Hrant Dink, Mwarmenia wa ku Turkey amene adali mkonzi wa nyuzipepala ya Agos, adapezeka wolakwa pa lamulo lomweli mu 2005. Kumbali ina, ku France aphungu adafuna kuti kukana kupululidwa kwa Aarmenia kukhale mlandu, ndipo ku Switzerland wandale Wachiturk, Doğu Perinçek, adalangidwa chifukwa chokana. Chochititsa chidwi n'chakuti Dink, amene adavutika chifukwa chonena zoona, adatsutsa ganizo la ku France mwamphamvu mu 2006. Iye ankaona kuti lamulo lotseka pakamwa wokana ndi m'bale wake wa lamulo lotseka pakamwa wovomera. Khoti loona za malamulo aakulu a France lidathetsa lamulolo mu 2012, ndipo mu 2015 khoti la ku Ulaya loona za ufulu wa anthu lidagamula mokomera Perinçek. Fupa lokakamiza limaswa mphika. Munthu wovomera chifukwa choopa ndende sadavomere kanthu. Zoona zimafuna kuti mabuku akale a boma atsegulidwe ndiponso kuti anthu azikambirana popanda mantha.

Maiko akunja nawonso ali ndi mbali yawo. Uruguay lidali dziko loyamba kukhazikitsa chikumbutso cha kuphedwa kwa Aarmenia, mu 1965. France idavomereza mwalamulo mu 2001, ndipo pulezidenti wa America, Joe Biden, adagwiritsa ntchito mawu oti genocide pa 24 Epulo 2021, atsogoleri angapo am'mbuyo mwake atawazemba poopa kukhumudwitsa bwenzi lawo la pankhondo. Aturk amayankha kuti anyani amasekana zikundu: maiko amene adapha anthu ku Algeria, ku Congo ndi kwina alibe nkhope yophunzitsira anzawo. Chidzudzulochi chili ndi choonadi, pakuti maboma ambiri amatulutsa nkhaniyi akakangana ndi Turkey n'kuibisa akagwirizana. Koma litsiro la mboni silisintha zimene zidachitika. Chimene chidzudzulochi chikufuna n'chakuti woloza chala ayambe wasesa pakhomo pake. Nyumba ya malamulo ya Germany idachita zotero mu 2016 pamene, povomereza za Aarmenia, idavomerezanso kuti boma la Germany la nthawiyo linkadziwa zimene zinkachitika koma silidaletse. Mu 2021 dziko lomweli lidavomereza kuti kuphedwa kwa Aherero ndi Anama ku Namibia pakati pa 1904 ndi 1908 kudali kupulula mitundu. Mawu a wodzudzula amalemera ngati iye mwini adayamba wadziweruza.

Chiyembekezo cha nkhaniyi chili mwa anthu amene mabuku a mbali zonse ziwiri sawatchula kawirikawiri. Mu 1915 momwemo padali akuluakulu a boma Achiturk amene adakana lamulo. Celal Bey, bwanamkubwa wa Aleppo ndipo pambuyo pake wa Konya, adateteza Aarmenia ambiri mpaka adachotsedwa pa udindo. Faik Ali wa ku Kütahya adakana kusamutsa Aarmenia a m'dera lake. Hüseyin Nesimi wa ku Lice adakananso, ndipo adaphedwa. Mabanja ambiri Achiturk, Achikurd ndi Achiarabu adabisa anansi awo. Anthu amenewa ndi umboni wa zinthu ziwiri: kuti lamulo lopha lidalipodi, popeza munthu sakana chimene sadauzidwe, ndiponso kuti kukana kudali kotheka. Iwowanso ndi makolo a Aturk a lero. Fuko silisankha zimene makolo ake adachita, koma limasankha makolo amene liwatsanzire. Mturk wovomera zoona sadataye makolo ake. Wangosankha Celal Bey m'malo mwa Talaat Pasha.

M'zaka zaposachedwa zidzukulu zina zachita chisankho chimenechi. Mu 2004 loya wina wa ku Turkey, Fethiye Çetin, adafalitsa buku lofotokoza za agogo ake aakazi, amene onse ankawadziwa ngati Msilamu wotchedwa Seher, koma atakalamba adaulula kuti adabadwa Mwarmenia wotchedwa Heranush ndipo adalandidwa kwa mayi awo pa ulendo wa mu 1915. Mabanja ena ambiri adayamba kufunsa za agogo awo, ndipo adapeza kuti mzere wolekanitsa "ife" ndi "iwo" umadutsa m'nyumba mwawo momwe. Pa 19 Januwale 2007 Hrant Dink adawomberedwa kunja kwa ofesi yake mu Istanbul ndi mnyamata wa zaka 17. Pa maliro ake anthu zikwizikwi, ambiri mwa iwo Aturk, adayenda m'misewu atanyamula zikwangwani zonena kuti onse ndi Hrant Dink, onse ndi Aarmenia. Mu Disembala 2008 ophunzira ndi alembi Achiturk adalemba kalata yopepesa kwa Aarmenia, ndipo anthu pafupifupi 30,000 adasainapo. Mu Epulo 2014 Recep Tayyip Erdoğan, amene pa nthawiyo adali nduna yaikulu, adapereka uthenga wa chipepeso kwa zidzukulu za akufawo, ngakhale kuti sadavomere kuti udali mlandu wa boma. Mu Febuluwale 2023, chivomezi chitapha anthu ambirimbiri ku Turkey, malire aja adatsegulidwa kwa kanthawi kuti magalimoto a thandizo ochokera ku Armenia adutse. Maliro n'kulirana.

Ena adzati pepani sapoletsa chilonda, ndipo ndi zoona kuti palibe mawu amene angadzutse akufa a ku Deir ez-Zor kapena kubwezera anthu ku midzi imene idasanduka mabwinja. Komabe pa mwambo wathu tikudziwa kuti wolakwa akabwera ndi nkhuku kudzapepesa, mtengo wa nkhukuyo sulingana ndi chimene chidawonongeka. Ntchito yake ndi kunena pamaso pa anthu kuti chimene chidachitika chidali choipa ndipo wolakwiridwa sadaname. Pambuyo pa mawu amenewo anthu amatha kudyeranso mbale imodzi. Aarmenia akhala akudikira mawu otere kuchokera ku boma la Turkey kwa mibadwo inayi.

Tsono yankho la funso lathu ndi lotani? Mlandu wa makolo sugwera zidzukulu ngati kulakwa, koma umawagwera ngati ntchito imene idasiyidwa yosamalizidwa. Mdzukulu wa wolakwa ali ndi ntchito yonena zoona ngakhale zikuchititsa manyazi fuko lake. Mdzukulu wa wolakwiridwa ali ndi ntchito yosunga zoonazo popanda kuzisandutsa mkondo wolasira osalakwa. Ife oonerera tili ndi ntchito yoyeza umboni mosakondera, ndi kufunsa ngati m'mbiri ya kwathu mulibe akufa amene maina awo timaopa kuwatchula. Mlandu suwola, koma umatha kuweruzidwa, ndipo ukaweruzidwa mwachilungamo anthu amamwazika pabwalo n'kubwerera kukalima. Umene umakhala mpaka kalekale ndi mlandu umene wina akukana kuti ulipo.